Mayuro 65 okaonera Jänschwalde isanazime

Ndiyambe ndi ndalama, poti ndi zimene ambiri mundifunse. Tinalipira mayuro 65 munthu mmodzi pa ulendo wokaona Jänschwalde, siteshoni ya magetsi yoyendera malasha kuno ku Germany, ndipo tinalipo atatu: ine, mayi a kunyumba ndi Malume. Ndalamayo inali ya minibasi, wotiyendetsa ndi nkhomaliro, kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Cottbus 9 koloko m'mawa mpaka kutitula pomwepo cha m'ma 5 madzulo. Dzina la kampaniyo sinditchula. Ndi kakampani ka anthu owerengeka, ndipo pali zingapo zimene ndidandaule m'munsimu, ndiye sindikufuna wina agone ndi njala chifukwa cha pakamwa panga. Mukafufuza maulendo okaona migodi ya malasha m'chigawo cha Lausitz, makampani otere muwapeza angapo.

Malume si malume anga a magazi. Ndi bambo a ku Ulongwe, ku Angonia, amene tinadziwana ku tchalitchi kuno ku Berlin, tsiku lina atandimva ndikukalipira mwana m'Chichewa. Anabwera m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene East Germany inkatenga anyamata a ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi potsatira mgwirizano wa 1979. Iwo anagwera pa fakitale youmba timanjerwa ta malasha kufupi ndi Hoyerswerda. Chichokereni kumeneko mu 1991 anali asanapondenso ku Lausitz. Ndinawaitana kawiri, anakana. Kachitatu anangoti, "Chabwino mphwanga, ndikamve ngati fungo lija likadalipo."

Tinapita Loweruka lina mu Seputembala 2025. Sitima ya RE2 kuchokera ku Berlin imatenga ola limodzi ndi theka osakwana, ndipo amene muli ndi Deutschlandticket, tikiti ya pamwezi yokwerera mabasi ndi sitima wamba, simulipiranso kanthu. Pa siteshoni dzina la mzinda analilemba pawiri, Cottbus ndi Chóśebuz, chifukwa dera limeneli ndi kwawo kwa a Sorb, mtundu wa anthu ochepa okhala ndi chilankhulo chawochawo. Minibasi inachedwa ndi mphindi 35. Mayi a kunyumba anaseka, akuti taonani, nawonso amadziwa kuchedwa.

Wotiyendetsa anali bambo wa imvi, wamfupi, wa manja okhakhala. Anayamba ntchito pa siteshoni ya magetsi ya Jänschwalde ali mnyamata, makina ena akumangidwabe, ndipo anapumira pomwepo. Atatipatsa moni wa anthu a m'migodi, uja amati "Glück auf", Malume anayankha mofulumira kuposa aliyense m'galimotomo, ndi mawu okuluwika amene ine ndinali ndisanawamvepo. Mzunguyo anacheuka, n'kuwayang'ana nthawi ndithu. Kuyambira pamenepo awiriwa anakhala mpando wa kutsogolo.

Apa pali dandaulo langa loyamba. Pa intaneti analemba kuti ulendowu ulinso m'Chingerezi. Bodza. Bamboyo Chingerezi chake chinali cha "good morning" basi. Ine Chijeremani ndimachimva cha pa ntchito, cha mawaya ndi maswitchi, koma mayi a kunyumba akuphunzira kumene. Tinapulumukira kwa Malume amene anatanthauzira tsiku lonse m'Chichewa, n'kumathirapo ndi zawo. Panali banja lina la ku India limene linangokhala duu, kumajambula zithunzi. Amenewo ndalama zawo zinapita pachabe, ndipo anayenera kubwezeredwa.

Tisananyamuke anatulutsa chidebe pansi pa mpando n'kupatsa aliyense chibuma cha malasha. Ine malasha ndimadziwa a ku Mchenga, ku Rumphi, akuda bii, olimba, onyezimira. Awa ndi ena. Ndi abulauni, ozizira m'manja, ofewa, ukafinya amanyenyeka ngati ndowe zouma, ndipo mwina ukuona ndi maso ulusi wa mtengo umene unawola zaka mamiliyoni zapitazo. Kuposa theka la kulemera kwake ndi madzi. N'chifukwa chake malasha amenewa sagulitsidwa kutali. Ungakhale ukulipira sitima kuti ikunyamulire madzi. Siteshoni amaimanga pakamwa pa mgodi, dzenje apa, ng'anjo apo. Kilogalamu imodzi ya chibuma chimenechi imatulutsa pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi, yomwe ija timagula pa foni kwathu mita ikayamba kulira.

Siteshoniyo umayamba kuiona uli kutali. Dziko lake ndi lathyathyathya, nkhalango za paini ndi minda, kenako nsanja 9 zoziziritsira madzi, zonga nkhokwe za zimphona, iliyonse yopitirira mamita 100, zitandandalika mzere. Tsikulo kunali dzuwa ndi kamphepo, ndipo zimene zinkafuka zinali zochepa. Bamboyo anati masiku otere masola ndi makina a mphepo amadzaza mawaya, mtengo wa magetsi umagwa, ndiye kuno amachepetsa moto. Kale, akuti, ng'anjo zinkabangula usana ndi usiku, Khirisimasi yomwe.

Mayi a kunyumba anafunsa ngati utsi wonsewo anthu a pafupi sudwala nawo. Apa ndiye ndinaona kuti munthuyu ndi woona mtima. Akanatha kungoti si utsi, ndi nthunzi ya madzi, n'kusiyira pomwepo, ndipo sakananama kwenikweni. Iye anapitiriza. Anati kale panali machumuni 3 a mamita 300, ndipo phulusa ndi fungo la sufule zinkagwera pa zovala zoyanika. Germany itagwirizana, m'zaka za m'ma 1990, anaika makina otsuka utsi ndi madzi a laimu, zotsalira zake n'kumasanduka ufa woyera umene amapangira mabolodi a siling'i. Machumuni anawagwetsa, ndipo utsi wotsukidwawo tsopano umatulukira m'nsanja zomwezo limodzi ndi nthunzi. Koma mpweya wotenthetsa dziko, anatero, suoneka ndi maso ndipo palibe amene akuutsuka. Zaka zimene makina onse ankagwira, malo amodzi okhawa ankatulutsa matani opitirira 20 miliyoni pa chaka, n'kukhala m'gulu la oipitsitsa mu Ulaya monse. Ananena izi ataloza malo amene anamudyetsa moyo wake wonse, osatsitsa mawu.

Poti ine ndi wa zamagetsi, ndinamupanikiza ndi mafunso mpaka enawo anayamba kuyasamula. Malasha amafika pa sitima ya kampani yomwe, amatsitsidwa, lamba amawakweza ku zigayo zimene zimawapera uku mpweya wotentha ukuwaumitsa. Fumbilo amaliuzira m'ng'anjo, moto umawiritsa madzi a m'mapaipi, nthunzi yotentha kupitirira madigiri 500 imakankha mapiko a makina amene amazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi. Siteshoniyi inamangidwa m'magawo 6, A mpaka F, amene anayamba ntchito pakati pa 1981 ndi 1989. Gawo lililonse lili ndi ng'anjo ziwiri ndi makina ozungulira ochokera ku Leningrad, ndipo limatulutsa mamegawati 500. Onse pamodzi 3,000, akudya malasha okwana matani pafupifupi 80,000 pa tsiku.

Ndinakhala chete n'kuwerengera. Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makina onse a pa mtsinje wa Shire kuwaphatikiza, sakwana gawo limodzi la pano. Ndinakumbuka Januwale 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati 130 okha, mmene tinavutikira ku Chilomoni, firiji kusanduka kabati. Kuno akuzimitsa 500 nthawi imodzi, mwadala, pa tsiku lolembedwa m'lamulo. Sindinganame, kamtima kena kanandiuza kuti bwanji osangotipatsa ifeyo. Koma pofika madzulo ndinali nditaona zimene makinawa amadya kupatula malasha, ndipo kamtimako kanachepa.

Masiku otsekera anawatchula pamtima, ngati munthu wowerenga pologalamu ya maliro. Gawo F analiika pambali mu Okutobala 2018, E mu Okutobala 2019. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka gasi wa ku Russia n'kuleka kubwera, anawadzutsanso mu 2022, kuitana ndi anthu ena amene anali atapuma kale, kenako anawazimitsiratu kumapeto kwa Marichi 2024. Mgodi wa Jänschwalde weniweniwo unasiya kukumba mu Disembala 2023, ndiye malasha a lero akuchokera ku migodi ya kum'mwera monga Welzow-Süd. Gawo A analilembera kuchoka pa msika kumapeto kwa 2025, B kumapeto kwa 2027, ndipo pa 31 Disembala 2028 moto uzimiratu. Zonsezi zili m'lamulo la 2020 limene linati Germany ikhale itasiya malasha pofika 2038. Malume potanthauzira anaonjezera zawo: "Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi mphwanga chaimba, mpaka chapereka ndi deti."

Tsopano dandaulo lalikulu. M'kati sitinalowe. Zithunzi za pa tsamba la kampaniyo zikuonetsa anthu atavala zipewa zolimba ali pafupi ndi makina, ndipo ine ndinalipira ndikuganiza kuti ndikamva ndi mapazi anga pansi pakunjenjemera. Tinangoima kunja kwa mpanda, pa msewu, mphindi 40. Nditafunsa, wotiyendetsa anachita manyazi, n'kunena kuti kulowa kumafuna kulembetsa padera kwa eni malo, nthawi ikadalipo, ndipo bwana wake amadziwa zimenezi. Si mlandu wa bamboyo, komanso si wa eni siteshoni. Ndi wa amene anasankha zithunzi zija. Ndinawalembera kalata Lolemba lake, mpaka lero zii.

Nkhomaliro tinadyera ku Peitz, katauni kokhala pakati pa maiwe a nsomba amene anakumbidwa zaka za m'ma 1500. Ukakhala pa tebulo, nsanja zija zikuoneka kawiri, m'mwamba ndi m'madzi. Anatipatsa nsomba yawo yotchuka, Karpfen, ndi mbatata. Ndi yonona, ya minga yambiri, ndipo ili ndi kafungo ka matope kamene munthu wokulira chambo sangakakhululukire msanga. Mayi a kunyumba anasiya theka. Malume anaitanitsa chakudya cha anthu wamba a m'derali, mbatata zophika ndi makoko, chambiko cholimba ndi mafuta a mbewu ya fulakisi, ndipo anadya mwakachetechete mpaka kupukuta mbale. Zakumwa sizinali mu mayuro 65 aja, ndipo khadi anakana. Mwamwayi ndinali ndi kandalama m'thumba. Chimene sindinkadziwa n'chakuti tiana ta nsombazi ena amatilerera m'madzi ofunda ochokera ku siteshoni kuti tikule ngakhale m'nyengo yozizira, ndiponso kuti kutentha kwa m'nyumba zambiri za ku Peitz ndi Cottbus kwakhala kukuchokera komweko. Motero tsiku lozimitsa likukhudza ndi asodzi omwe.

Gawo limene linabweza ndalama zanga linabwera masana. Anatitengera m'mphepete mwa mgodi wakale, pamalo ooneka patali, n'kuloza chigwa cha mchenga wotuwa, mopanda mtengo, mopanda chulu. Anati apo panali Horno, kapena Rogow m'chilankhulo cha a Sorb. Mudzi wa anthu 300 ndi kanthu, wa zaka mazanamazana, wokhala ndi tchalitchi cha miyala. Anthuwo anakana kusamuka kwa zaka zambiri, anapita ku makhoti osiyanasiyana, anagonja. Ambiri anasamukira ku mudzi watsopano umene anawamangira ku Forst mu 2003, tchalitchi anachiphulitsa mu 2004, ndipo banja lomaliza linachoka mu 2005. Manda anawafukula n'kusamutsa mafupa. Midzi yoposa 130 ya ku Lausitz inatha kapena kudulidwa chonchi kuyambira mu 1924.

Kwathu mudzi ukasamuka pamatsala bwinja. Umapeza mango, mapale, muunda wa phulusa, mitumbira, ndipo agogo amatha kukuimika n'kunena kuti mchombo wako uli apa. Kuno palibe bwinja. Nthaka imene mudziwo unakhalapo anaikumba kuzama mamita makumimakumi, chimlatho cha malamba n'kuitaya tsidya lina. Mayi a kunyumba anafunsa ngati anthuwo analandira chipukutamisozi. Analandira, ndipo nyumba zatsopanozo ndi zabwino kuposa zakale. Bamboyo anavomera zimenezo, kenako anati mnzake wa pa ntchito anali wa ku Horno, ankawotcha masana malasha ochokera pansi pa munda wa bambo ake, ndipo nkhaniyi sankaikamba pa tebulo la tiyi.

Pomwepo ndi pamene Malume anasiya kutanthauzira n'kuyamba kucheza ndi bamboyo awiriwiri. Ndinkangotola apa ndi apo. Ankakumbutsana za 1990, mafakitale akutsekedwa motsatizana ngati mphenzi. Mu nthawi ya East Germany, dziko limene linkakumba malasha abulauni ochuluka kuposa lina lililonse, matani pafupifupi 300 miliyoni pa chaka, anthu pafupifupi 80,000 a ku Lausitz ankadyera m'malasha. Lero atsala cha m'ma 8,000 kapena kucheperapo. Oyamba kuuzidwa kuti ntchito yatha anali alendo. Mu Seputembala 1991 gulu la anthu linazinga nyumba za alendo ku Hoyerswerda masiku angapo, miyala ndi mabotolo a petulo, mpaka alendowo anawachotsa mu mzindawo pa mabasi. Malume anali m'gulu limenelo. Anzawo ambiri anabwerera ku Mozambique, kumene gawo la malipiro awo limene linkadulidwa kuno sanakalipeze, ndipo ena akuguba nazobe ku Maputo. Wotiyendetsa sanadziikire kumbuyo. Anangoti akukumbuka, ankaonera pa kanema, ndipo Lolemba lake anapita ku ntchito ngati palibe chachitika. Anavula chipewa n'kuchivalanso. Zimenezi sizili pa pologalamu ya ulendowu, ndipo sindingakulonjezeni kuti mukazipeza.

Tinamalizira pa Cottbuser Ostsee, nyanja imene kale inali mgodi wa Cottbus-Nord. Anasiya kukumba mu 2015, anayamba kuthiramo madzi a mtsinje wa Spree mu Epulo 2019, ndipo lero ndi nyanja ya mahekitala pafupifupi 1,900, pakati pake payandama masola. Pali nsanja yoonerapo ku Merzdorf, yokwera ndi miyendo. Kusambira sanalole, chifukwa magombe ena akugumukabe. Munthu wa ku Nkhotakota akhoza kuseka kuti iyi ndiye nyanja, koma kuganiza kuti zaka 10 zapitazo munkayenda akatapila, ndi chinthu chodabwitsa.

Pa nsanjapo anatifotokozera za madzi, ndipo ine wokhala ku Berlin zinandikhudza kuposa zonse. Kuti ukumbe dzenje lotere uyenera kuyamba waumitsa nthaka, ndiye kwa zaka zoposa 100 mapampu akhala akukoka madzi a pansi n'kuwathira mu Spree. Mtsinjewo unazolowera madzi obwereka. Mapampu akadzazima, uku maenje akufuna kudzazidwa, madzi adzachepa, ndipo kafukufuku wa boma wa 2023 anati m'miyezi yotentha malo ena akhoza kuchepa ndi magawo atatu mwa anayi. Gawo lina la madzi amene timamwa ku Berlin limachokera m'zitsime za m'mbali mwa mtsinje womwewo. Kwinanso madzi a pansi akamabwerera amatulutsa dzimbiri, timitsinje n'kusanduka tofiira ngati madzi a m'dambo la katondo. Kuzimitsa ng'anjo ndi tsiku limodzi, koma mapampu ndi maenje adzadya ndalama zaka zambiri.

Ndinamufunsa kuti achinyamata a pa siteshoni apita kuti. Apa anayankha mwachidule, mwina anali atatopa. Boma linalonjeza ndalama zofika mayuro 40 biliyoni ku zigawo za malasha, ndipo kampani ya LEAG, imene yakhala ikuyendetsa migodi ndi masiteshoniwa kuyambira pamene kampani ya ku Sweden ya Vattenfall inazigulitsa mu 2016, inalonjezedwa mpaka 1.75 biliyoni chifukwa chotseka msanga. Ku Cottbus a Deutsche Bahn, kampani ya sitima, anatsegula malo okonzerako sitima zothamanga mu Januwale 2024, ndipo amisiri ena a m'malasha alowa kumeneko. Kwayambanso yunivesite ya zachipatala. Pa malo a siteshoni pomwe akukamba zoika mabatire akuluakulu ndi makina a gasi, poti mawaya akuluakulu alipo kale. Mwana wake wamkazi ali ku sitimako. Iye anati bola ulendo uno anthu auzidwa zaka zikadalipo, osati ngati 1990.

Ndiye kodi ndikukulimbikitsani? Kampaniyo ndikuipatsa 3 pa 5, ndipo zitatuzo ndi za wotiyendetsa yekha. Minibasi inali yothina, chimbudzi tinachiona pa nkhomaliro pokha, ndipo zithunzi zija sindinazikhululukire. Mukamalembetsa funsani molemba ngati mukalowe m'kati, funsani chilankhulo, ndipo funsani ngati wokuyendetsani anagwirapo ntchito m'malasha. Akakhala mwana wa sukulu woloweza kapepala, sungani ndalama zanu, kwerani njinga kuchokera ku Cottbus kupita ku Peitz, nsanjazo mukaziona ulele. Tengani ndalama za m'manja, jekete la mphepo ndi nsapato zosadandaula mchenga. Ana aang'ono akatopa. Amene mukufuna kuona nsanja zikufuka zambiri, sankhani tsiku lozizira, la mitambo, lopanda mphepo, ndipo musadikire 2028, poti chaka ndi chaka zofuka zikuchepa.

Za fungo lija, Malume akuti latha, kupatula pang'ono m'chidebe cha bamboyo. Chibuma chawo anachikulunga m'kapepala n'kuchiika m'thumba la jekete. Changa ndinachiika pa windo la ku khitchini, ndipo pasanathe sabata chinauma, chinang'ambika pakati n'kuyamba kuyoyoka. Mayi a kunyumba andipatsa mpaka Lachisanu kuti ndichipezere botolo.